Utuchi pa Foni

Ndine kalipentala wa ku Ndirande,
kuseri kwa msika, pomwe ngalande imanunkha mvula ikangoyamba.
Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu
chikwangwani changa chinali mpando womwewo,
wokhazikidwa m'mbali mwa msewu, ukunyezimira vanishi.
Wodutsa ankaima, n'kuugogoda, n'kufunsa mtengo.

Lero odutsa onse awerama.
Maso ali m'chikhatho.

Lonjezo, mwana wa mlongo wanga, anati:
malume, msika unasamuka, unalowa m'kagalasi aka.
Ndinagula foni yong'aluka pakona ku Limbe,
utuchi n'kulowa m'kabowo kotchajira tsiku lomwelo.

Akuluakulu anzanga ali pa Watsapu.
Salemba ayi, amayankhula.
Bambo Chikakwiya a ku Chilobwe amatumiza mawu a mphindi zinayi:
moni, kunyumba kuli bwanji, shuga wakweranso,
maliro a kumpingo Lachitatu lapitali,
ndipo kumapeto kwenikweni, bandulo yanga ili wefuwefu,
"Paja kabati ija, simungachotseko pang'ono?"
Koma akati Loweruka, ndi Loweruka.
Amabwera ndi ndalama zokulunga m'kampango,
ati ndalama ya pafoni ndi mphepo, sungainyowetsere chala.

A zaka zapakati, aphunzitsi, a m'maofesi a m'tauni,
ali pa Fesibuku nthawi ya nkhomaliro.
Ndimalemba mtengo pamwamba pa chithunzi ndi zilembo zikuluzikulu,
iwo pansi pake: "Zingati?"
Ndikayankha, akuti: "Ndikupezani mwezi ukatha."
Mwezi wawo uli ndi masiku angati, kaya.
Komabe mmodzi mwa khumi amafikadi,
atafananiza kale bedi langa ndi ena asanu ndi awiri a ku Bangwe ndi ku Chirimba,
amagwada n'kusuzumira kunsi
kuona ngati ndabisa paini kuseri kwa mbawa.

Tsono ana awa a Tikitoko,
chala chawo sichidziwa kukhala pansi.
Lonjezo akuti ndili ndi masekondi atatu okha
ndisanakankhidwe m'mwamba ngati ntchentche.
Masekondi atatu!
Guluu wanga amafuna usiku wonse kuti agwire.

Tsiku lina magetsi atazima, makina ali zii,
anandijambula ndikupala thabwa pamanja,
ndikung'ung'udza kanyimbo ka kwathu ku Thyolo, ine osadziwa.
Kutacha, anthu zikwi makumi atatu aonera.
Mitima yofiira mbwee.
Wina akuti agogo awa ndi dolo.
Ine agogo?
Madzulo ndinapisa m'thumba:
ya minibasi yokha.
Mitima yofiira sigula misomali.

Patatha masabata atatu, panaima makabaza awiri.
Anatsika mayi Likongwe, namwino wopuma wa ku Chilomoni,
pambuyo pawo mdzukulu, Upile, foni kutsogolo ngati tochi.
Mwanayo anaona kanema uja, n'kutumizira mayi ake ku Joni.
Mayi akewo anafufuza dzina langa pa Fesibuku usiku wonse ngati wapolisi,
kenaka n'kuimbira kuno:
amayi, pitani mukaone ndi maso.

Anaugogoda mpando.
Anakhalapo. Anadzuka. Anakhalaponso.
Anafunsa ngati mwendo wakumanzerewu sudzayamba kulira mvula ikadzabwera.
Upile ankangojambula zonse, ngakhale nsapato zanga zong'ambika.
Ndalama inachokera kutsidya kwa malire atatu,
foni n'kunjenjemera m'thumba la ovolosi
ndisanamalize n'komwe kupukuta manja.

Mpando umodzi unafuna anthu atatu kuti uchoke pano,
ndipo amene anauona poyamba alibe ngakhale khobidi.
Tinaumangirira pakabaza ndi malamba a chubu,
unakwera chitunda miyendo ili m'mwamba.

Lonjezo akufuna mawa ndiimbenso,
akuti nthawi ino ndiyang'ane kukamera, ndimwetulire.
Ndamuuza abwere ndi sandipepala.
Mbawa yatsalayi sidzipala yokha.